Ndachotsa Magalasi

Mvula ya ku Caernarfon siigwa, imangopumira pazenera.
Ndili m'galaja, mawondo pakatoni yonyowa,
Gwenlli wagwira tochi ngati akusaka mphaka wosochera.
Unika apa, mwanawe, osati m'maso mwanga.

Pepala lomwe anatumiza likuti:
matani tepi panyali zonse,
chotsani magalasi oonera kumbuyo.
Mzere umenewu ndauwerenga katatu.
Zaka makumi awiri ndi zinayi ndili pachiwongolero cha basi,
diso langa linakulira pagalasi:
nkhalamba yotsika mwapang'onopang'ono,
mwana wothamangira chitseko chikutsekeka,
kagalimoto kozembera m'mbali.
Lero akuti kumbuyo si kwanga.
Wobwera m'mbuyo ndiye adziwe pondidutsira.

Sipanala ya teni yakana, ya thwelofu yavomera.
Lamanzere lazuka bwinobwino.
Lamanja lagwidwa ndi dzimbiri,
ndaliuza mawu oti mwana asamve.
Wamva. Tochi ikugwedera ndi phwete.

Matayala ndawaphwetsako pang'ono,
akuti akatentha adzafufuma okha.
Tcheni ndapaka mafuta, mabuleki nyama ikadalipo,
ndagwira nati iliyonse ngati wogula mapeyala pamsika,
kenako ndayambiranso,
poti sindikukumbuka ngati ndinagwiradi.

Suti yachikopa ndinagula kwa Emyr,
iye msana unamuletsa.
Ikununkha thukuta la munthu wina ndi petulo wakalekale.
Bondo lamanzere phula linadyapo,
lamanja lili see, ngati silinapiteko kulikonse.
Ndaivalira kukhitchini, ndayenda ngati nkhanu.
Zipi inaima pamimba. Tinakambirana. Yakwera.
Pondipatsa, Emyr anati:
njinga imapita komwe maso apita,
ukayang'ana udzu, udzadya udzu.
Sanaonjezepo. Anawerenga ndalama zake kawiri.

Mbendera ndikuziloweza ngati mwana wa mayeso.
Yachikasu, chepetsa liwiro, usapitirire mnzako.
Yofiira, nonse bwererani, wina wagwa.
Wina.
Aliyense amene akumata tepi usiku uno
akuti wina.

Fomu ili pakati pa makapu a tiyi wozizira.
Dzina. Chaka chobadwa.
Woti timuimbire zikavuta.
Kale ndikanalemba Tegid dzanja lisanaganize.
Cholembera chaima m'malere,
firiji ikung'ung'udza yokha.
Gwenlli wachitsomphola,
walemba dzina lake m'zilembo zikuluzikulu
mpaka kusefukira kunja kwa kabokosi,
nambala yake pansi, seveni wake wodula pakati.
Koma asandiimbire, watero,
nakwera masitepe osatembenuka.

Mawa adzandiika m'gulu la ongoyamba,
kumbuyo kwa mphunzitsi, ngati anapiye.
Anyamata oti ndikanawabereka
adzandidutsa ngati ndaima pasiteji kudikira okwera.
Adutse.
Ine ndikufuna kona imodzi yokha,
imodzi,
yoti ndilowemo osagwira mpweya,
mapewa ali pansi, mano osalumana,
njinga itapendama ine n'kuilola.

Wotchi ndatchera hafu pasiti folo.
Makiyi ndaika m'jombo kuti ndisawaiwale,
nthochi ziwiri, madzi, chigubu cha petulo,
jekete ya mvula, poti kutsidya kwa mlatho, ku Môn,
mphepo imachokera kunyanja osapempha.

Tulo takana. Ndatsikanso ndi masokosi okha.
Njinga ili duu mumdima,
maso omatidwa, makutu odulidwa,
yaoneka yaing'ono, yaukali, yachilendo.
Ndakwerapo. Ndagwira zigwiriro zozizira.
Mwachizolowezi diso lathamangira kumanja
kukafunsa za m'mbuyo,
lapeza kabowo ka nati
ndi khoma.

Magalasi ali m'chitini cha mabisiketi pashelefu,
agona chagada,
akuonetsana denga.
Ndatseka chivundikiro.
Kutsogolo kuli chitseko cha galaja,
ndipo m'munsi mwake mwayamba kuyera.