Zipi Yakana

Lachiwiri zipi inakana.
Ndinaipaka kandulo monga ndichitira nthawi zonse,
dzino ndi dzino, ndikuinyengerera,
koma itafika pamchombo inangoti nji,
ndipo iwe m'katimo unaponda kamodzi
ngati ukuti: malire ndi pano.

Ndiye lero Loweruka ndakhala kuseri kwa nyumba, kuno ku Mchini,
ndi beseni la madzi ofunda pang'ono,
kachidutswa ka sopo, ndi nsanza ya sikipa ya atate ako.
Jekete lachikopa salinyika, mwanawe, si thewera.
Amalipukuta ngati nkhope ya wodwala.

Ndayamba ndi matumba.
Lisiti ya petulo ya pa Katete, yofufutika.
Chivindikiro cha jakisoni. Nthenga ya nkhanga.
Mtedza utatu umene anandininkha mai Shawa
tsiku lija ndinadontheza mankhwala a chitopa
m'maso mwa nkhuku zawo makumi anayi,
tambala mmodzi atatithamangitsa mpaka kudimba.

M'misoko muli msewu wonse wa ku Chadiza.
Mswachi wakale ukuutulutsa pang'onopang'ono,
ndipo madzi afiira ngati Lutembwe mu Januwale.
Pachigongono chakumanzere pali chipsera:
mbuzi ya pa Mtenguleni inasintha maganizo pakati pa msewu,
ndinakhwekhwerezeka pamiyala,
chikopa ichi n'kusupuka m'malo mwa changa.
A Nkhuwa, atelala a ku Kapata,
anathyola masingano awiri poika chigamba
ndipo onse awiri ndinalipira ndine.

Ndaliyanika pansi pa mtengo wa mango.
Dzuwa la kuno silidziwa chibale,
lingaliumitse gwa ngati chikumba cha ng'oma.
Likauma ndilidzoza mafuta a nsatsi ndi zala ziwiri,
m'mapewa, m'khosi, m'makwinya a m'mikono,
momwe ndidzakudzolere iwe.

Chisoti chili ndi manda ake:
inswa za mvula yoyamba zinamatirira pagalasi.
Sindipala. Ndayalapo kansalu konyowa
kuti zifewe, zichoke zokha.
Thonje la m'kati ndachapa kawiri,
komabe likununkha ine, thukuta ndi mafuta a tsitsi.
Magolovesi akali opinda zala
ngati sanamve kuti tafika.
M'majombo ndafwinyamo nyuzipepala,
kuopa chuku, ndi namkalizi wofuna lendi yaulere.

Atate ako, a Gelevazio, aima pakhomo ndi kapu m'manja.
Akuti: tigulitse, anyamata a pasiteji amalisirira,
tigule bafa la mwana ndi bulangete.
Ndawayankha kuti bafa tibwereka kwa alamu.
Jekete ili ndinalifukula ndekha pansi pa mulu wa salaula,
likali ndi dzina la munthu wina pakolala,
dzina limene sinditha kulitchula.
Iyenso analisunga bwino, ndani kaya,
mpaka linandipeza.

Kiyi wa njinga ndinapereka dzulo ku ofesi.
Aitenga Lazalo, uja amasintha magiya ngati akukangana nawo.
Ndinamva kulira kwake mpaka kuseri kwa Kanjala
ndipo ndinayerekeza kuti ndikufuna kanthu m'chikwama.

Pamsomali sindilikoloweka, lingatuluke linunda.
Ndapeza hang'ala yamtengo, yamapewa otambalala.
M'pulasitiki ayi, chikopa chimapuma;
ndalifunditsa chitenje chakale cha kumpingo
ndi kulipachika kutali ndi khoma la chinyontho,
kumene makoswe safika.
Mwezi uliwonse ndizilitulutsa liwombedwe mphepo,
ndiziyendetsa zipi kukwera ndi kutsika
isaiwale njira.

Akuti miyezi isanu ndi umodzi. Ena akuti chaka.
Amai akuti ukadzamuona mwanayo sudzaifunanso njinga.
Kaya.
Nkhuku za ku Chadiza sizinauzidwe zimenezo.

Nthenga ya nkhanga ndaibwezera m'thumba lam'kati.
Mtedza uja tadya, iwe ndi ine.
Umodzi unali wowola.