Nyumba Yachisanu ndi Chiwiri pa Mndandanda

Ndalama zikanyamuka ku Washington
zimatipeza kuno ku Ohio zitaonda kale,
ngati mlendo amene wayenda masiku osadya.
Chaka chino zaondanso.
Kalata yake ndinaiwerenga kawiri m'chipinda chapansi cha holo ya mzinda,
momwe chotenthetsera chakhala chikutsokomola chiyambire Novembala.

Lamulo limati: musanagawe, yambani mwamva anthu.
Tinalengeza m'nyuzipepala, tsamba lakumapeto,
tinabwereka chipinda ku laibulale,
ndinayala mipando makumi anayi.
Kunja chipale chinkagwa cham'mbali.
Kunabwera anthu asanu,
wachisanuyo ankangothawa kuzizira.

Mayi Ivelisse Cintrón anakweza foni m'mwamba
kuti tione khoma la kuchipinda kwa mwana wawo,
penti ikusendeka, penti yakale ija ya mtovu
imene imalowa m'magazi osagogoda.
Wendell Sobczak akufuna nyale za mumsewu.
Ndinamuonetsa mapu athu opaka mitundu:
kofiira n'komwe anthu amapeza zochepa, ndalama zimaloledwa kupita uko.
Mzere umadutsa pakatikati pa msewu wake,
iye n'kutsala mbali yoyera.
Anafunsa ngati mdima nawo umadziwa za mzerewo.
Ndinalemba funsolo, poti ntchito yanga n'kulemba.

Bambo Orval Pruitt sanaimirire. Sangathe.
Akupempha kanjira kotsetsereka pakhomo pawo
kuti njinga yawo izitsika osaitana mnansi.
Ndi masitepe atatu okha, anatero,
koma andisunga m'nyumba dzinja lonse ngati mkaidi wopanda mlandu.
Pamzere wa odikira ali nambala 62.
Sindinawauze. Ankadziwa.

Patapita masabata atatu makhansala anakhala pansi.
Wina anakokera kwa anthu ake, wina kwa ake,
bulangete lalifupi likuvundukula mapazi uku, mutu uko.
Anagwirizana itakwana teni koloko usiku:
pang'ono za madenga, pang'ono za penti,
pang'ono za chakudya cha okalamba,
zotsalazo zigwetse nyumba khumi ndi ziwiri
zomwe eni ake anazisiya fakitale ya zitsulo itatsekedwa.
Ndinaona kuti n'zoyenera. Ndikuonabe choncho.
M'nyumba zotero mumalowa ana, mumabuka moto.

M'mawa mwake ndinayamba kulowetsa mndandanda m'kompyuta.
Yoyamba, yachiwiri, khofi akuzizira,
yachisanu ndi chimodzi,
kenaka zala zinaima zokha.
418 Garland.
Paphaka la chitseko cha kukhitchini
pali timizere ta pensulo, msinkhu wanga ndi wa mlongo wanga Terrence,
mpaka chaka chomwe anandipitirira n'kuyamba matama.
Amayi anaigulitsa bambo atamwalira.
Wogulayo anagulitsanso, winayo anathawa msonkho,
denga linagonja, mtengo unamera m'bafa.

Fomu ili ndi kabokosi kofunsa mmene nyumbayo ilili.
Mumalowa mawu awiri kapena atatu basi.
Ndinalemba kuti: yosatheka kukonzedwa.
Ndinasindikiza, ndinasaina, ndinapita pa yachisanu ndi chitatu.

Chigalimoto chogumula chinabwera mu Meyi.
Ndinapitako nthawi ya nkhomaliro, buledi ali m'thumba la jekete.
Zinatenga mphindi makumi anayi.
Woyendetsayo, mnyamata waulemu,
anandifunsa ngati ndine wa ku ofesi.
Ndinati eya.
Anasiya masitepe a simenti a kumaso,
akuti amenewo n'ngamawa, ndi makina ena.
Masitepe atatu okwera kupita kumene kulibe kanthu.
Ndinakhala pa lachiwiri n'kudya buledi wanga.

Nditabwerera ndinapeza uthenga pafoni ya ofesi.
Bambo Pruitt, akufunsa mwaulemu ngati mzere wasuntha.
Wasuntha, bambo.
Muli nambala 49.
Dongosolo lathu n'la zaka zisanu,
ndipo ichi n'chaka chachiwiri.