Mamita Atatu ku Mkanda

Ine ntchito yanga ndi wotchi.
A Felesia Kalilangwe akati "tiyeni," ndimadina,
wodwala akabwerera n'kukhala pansi, ndimadinanso,
ndipo masekondi otsala pakati pa zala zanga
amalowa m'kope la chikuto chobiriwira
lomwe lanyowapo kawiri pa njinga yamoto.

Mamita atatu basi.
Tinayeza ndi chingwe chomangira fodya pakhonde la chipatala,
mzere tinalemba ndi choko chopempha kusukulu.
Dzukani pampando, yendani, tembenukani, bwererani.
Pepala lochokera kutali linkatero.

Tsiku lachinayi a Nasibeko anaseka mpaka kutsokomola.
"Mpando umenewu ngwa yani?
Ine kwathu ndimadzuka pamphasa.
Ndinagwa popita kuchimbudzi, mdima uli bii,
mvula itasuntha mwala wa pakhomo."
A Felesia sanayankhe.
Anatseka cholembera, nayang'ana mpando uja
monga timayang'anira mlendo amene wakhalitsa.

M'mawa mwake tinakabwereka mphasa kwa mlonda.

Kuyambira pamenepo kope linasintha zakudya.
Linayamba kumeza kutalika kwa ziundo,
kuterera kwa pamjigo pomwe sopo sauma,
mizere ya mtedza yomwe phazi lokalamba limalumpha
khasu lili paphewa,
ndowa ya malita makumi awiri pamutu wa munthu
amene maso ake ayamba kuchita nkhungu.

Azibambo sagwa, tinaphunzira zimenezo.
Amangoterereka. Amangopunthwa pang'ono.
A Chimtengo a ku Gumba anakana katatu,
bondo lili ndi chipsera chatsopano, chofiira ngati phwetekere.
Ndiye a Felesia anasiya kufunsa kuti "munagwapo?"
Amafunsa kuti, "Nthaka inakudzidzimutsani liti?"
Kenaka amapita kuseri kukafunsa mayi wa pakhomopo,
ndipo yankho limabwera ndi tsiku lake, ndi malo ake,
ndi dzina la mbale yomwe inasweka.

Sitili awiri okha.
Kuli Zelipa amene amadziwa khomo lililonse lokhala ndi ndodo,
kuli Mayi Mtuwa owerengetsa manambala usiku
magetsi akabwera,
ndi Enelesi wogwira lamba kumbuyo kwa wodwala,
manja ali chire,
osakhudza, osachoka.
Palibe amene amamuyamika Enelesi,
chifukwa ntchito yake ikatheka bwino sipachitika kanthu.

Kamodzi kokha, tayala litaphulika pafupi ndi Kapiri,
titakhala pamthunzi kudikira wokonza,
a Felesia ananditchulira mayi awo.
Khonde la masitepe awiri. Chiuno.
Miyezi isanu ndi iwiri pamphasa, kenaka nyimbo.
"Akanandiuza kuti miyendo yayamba kuwanamiza," anatero,
"koma inenso sindinkadziwa kafunsidwe kake."
Anaimirira, nakung'untha fumbi pachitenje,
ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Kumsonkhano mumzinda, ndamva,
wina anawapatsa kapu kuti akamuthirire tiyi.
Anamuthirira.
Kenaka anakwera kutsogolo n'kuyala mphasa ija pansi
pamaso pa anthu ovala mataye,
nati, "Amene angathe kudzuka apa osagwira pansi abwere."
Akuti munachita zii.

Ine ndinalibe. Ndinatsala ndi wotchi.

Lero a Nasibeko abweranso,
atatha masabata asanu ndi atatu akuima ndi mwendo umodzi
atagwira mtondo, m'mawa uliwonse, adzukulu akuwaseka.
Mwala wa pakhomo anaukwirira.
Njira ya kuchimbudzi anaipaka phulusa m'mbali kuti izioneka usiku.
Poyamba anali masekondi makumi awiri ndi atatu.
Ndadina. Adzuka. Choko chafufutika, koma mzere akuudziwa.
Atembenuka pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza,
Enelesi ali pambuyo, osapuma.

Khumi ndi anayi.

A Felesia alemba, osamwetulira,
kenaka afunsa ngati wotchi yanga ili bwino.
Ndati ili bwino.
"Tibwerezenso," atero.
A Nasibeko ayamba kale kudzuka.