Katoni ya Sopo

Masiki yanga ndi ya Lolemba,
lero Lachisanu.
Ndimaichapa usiku kwathu ku Mchini
n'kuiyanika pamsomali.

Zelipa wa pa tilu yachiwiri
wagona sabata, chifuwa chili pwepwepwe.
Bwana wamudula masiku onsewo,
nati ife tizimwetulira makasitomala.
Aona bwanji mano?

Botolo la sanitaiza la pakhomo
analithira madzi. Tinaona tonse.

Ndiye madzulo, kuseri kwa matumba a shuga,
Yotamu anang'amba katoni ya sopo,
tinalembapo: magolovesi, masiki,
malipiro a wodwala asakhudzidwe.
Mayina khumi ndi anayi.
A Sandikonda, mlonda wathu,
anadinda chala ndi polishi ya nsapato.

Mawa chitseko chachitsulo sitikweza
mpaka awerenge.
Anjinga a ku Kapata ayambe adikira panja.