Mvula Yopanda Matope

Amalume anga a Fulgencio sanalawepo mowa.
Zaka makumi atatu pa chiwongolero,
basi ya ku Tonalá, kupita n'kubwerera,
botolo la zozizira pakati pa miyendo,
buledi wa shuga m'thumba la malaya.
Tsiku lomwe dokotala anawaonetsa chithunzi
anaseka: ichi n'chiwindi kapena mtambo?
Chinali mbuu, chonona.

Mankhwala oyamba anagwira ntchito, ndisaname.
Manambala a m'magazi anatsika.
Koma usiku khungu linkadzuka.
Ankadzikanda ndi foloko, ndi ngodya ya chitseko,
ndi makiyi a basi,
mpaka akazi awo, mayi Remedios,
anawaveka masokosi m'manja ngati khanda.
Sabata yachisanu ndi chimodzi anataya botolo m'ngalande.
Bola ndife nditagonako tulo, anatero.

Walira mvula walira matope.
Zaka zisanu ndi zinayi m'labotale ino ya ku Guadalajara
ndakhala ndikukangana ndi mwambi umenewo.

Piritsi ndi mlendo wopanda mwambo.
Umamuitanira pakhonde,
iye n'kulowa mpaka kuchipinda.
Magazi amamubereka kumsana,
kumtima, ku impso, kukhungu,
paliponse n'kumagogoda.

Ndiye tinati timunenepetse.
Timumangirire mchira wautali, wolemera,
kuti akafika pa khoma la matumbo
alephere kupyola.
Akhale pompo, kumapeto kwa matumbo aang'ono
kumene ndulu imatembenukira kwawo,
anong'oneze khomalo mawu amodzi okha.
Khoma lili ndi amithenga ake.
Iwowo ndiwo akwere mtsempha, akauze chiwindi:
leka kukundika,
njala imene ukuikonzekera sikubwera.
Mlendo akatero atulukire khomo lakuseri
osakhudza kanthu.

Pakamwa m'posavuta.
Nambala 112 inanenepa mopyola, sinayankhule n'komwe.
187 inatsegula m'mimba mbewa zonse,
ndipo Nahúm, wotsuka makola,
anatha masiku atatu osandipatsa moni.
203 inalumpha mpanda usiku.
M'mawa tinaipeza ili m'magazi, ikuyendayenda.

Lero ndi 241.
Ili 3 koloko usiku, makina akung'ung'udza,
khofi wazizira m'kapu ya pepala.
Ndathira magazi a mbewa khumi ndi ziwiri
ndipo ndikudikira mzere pa kompyuta.
Ntchito yanga njachilendo:
ndimapempherera kusapeza kanthu.
Mzere ukatukula phiri, basi talephera.

Uli phee.
Mphindi yachisanu ndi chiwiri, pomwe phiri limamera,
uli phee.
Ndabwereza kawiri, manja akunjenjemera.

Ndatsikira ku makola ndi katochi kofiira.
Zaunjikana pangodya, zikupuma pamodzi.
Palibe ikudzikanda.

Sindidzutsa munthu.
Mbewa si amalume.
Kutsogoloku kuli ziwindi zoti ndizidule n'kuziona,
makomiti, mafomu, ndalama zomwe tilibe,
zaka zomwe ndimaopa kuziwerenga pa zala
chifukwa iwo ali kale ndi makumi asanu ndi limodzi
ndipo lamba anamubowolanso kabowo kena.

4 koloko foni yalira.
Anapuma ntchito, koma thupi limadzukabe nthawi ya basi.
Itzel, wadya?
Ndati eya, bodza.
Nanga wokwera wako uja?
Umu ndi mmene anamvera nditawafotokozera:
munthu wolipira ulendo waufupi
amene safuna kutsika.

Ndati lero watsika pa siteji yake.

Kwakhala zii.
Ndikumva supuni ikuzungulira m'kapu,
ndikudziwa kuti athira shuga,
sindinena kanthu.
Umuyang'anitsitse mawa, atero,
ena amatsika kutsogolo
n'kukweranso chitseko chakumbuyo.