Kuweta Madzi

Yotamu, wodula magalasi kuseri kwa depoti,
anandiyang'ana kawiri nditamupatsa muyeso.
"Windo lanji lokhala ndi mbali zisanu?"
Ndinati si windo, achimwene,
ndikufuna kuika nyanja ya mchere pabalaza.
Anaseka mpaka pensulo inagwa pakhutu.

Zaka khumi ndi zisanu n'ziwiri ndakoka thanki ya mafuta
kuchoka ku Beira kudzatula kuno ku Kasungu,
kugona pamzere padoko, kudikira mapepala,
mphepo ikundimata mchere pamilomo.
Lero bondo lakana kilatchi.
Ndiye ndati, poti ine sindipitanso, ibwere iyoyo.

Tinayamba ndi madzi a pampopi, kuona ngati likudontha.
Zelifa anayala nyuzipepala pansi pake,
usiku n'kumadzuka ndi tochi
ngati womvetsera kupuma kwa khanda.
Kutacha, pakona ya kumanzere, kadontho kamodzi
kanali katanyowetsa nkhope ya goloboyi wa tsamba lomaliza.
Tinakhuthula. Yotamu anamatanso.
Masiku atatu nyumba ikununkha guluu.

Mchere wake si wa m'ndiwo ayi.
Unabwera m'chidebe, kuseri kwa mpando wa Fanuwelo,
mnzanga amene akuyendabe msewu uja.
Zelifa atamva mtengo anakhala kaye chete,
kenaka anati, "Thumba la feteleza limenelo."
Sindinayankhe.
Masamu ake anali olondola.

Mchenga woyera ndinautsuka kasanu n'kawiri
mpaka zala zinachita makwinya ngati fodya wa m'chigafa.
Mudiramu ndinatakasa ndi mthiko watsopano,
kachubu koyezera kakumira, kakuyandama, kakumiranso,
ine ndikuthira pang'onopang'ono, mwamantha,
ngati munthu amene dokotala anamuletsa mchere.

Ndinakhazika mbale yadothi pamchenga
kuti madzi agwere pomwepo, asavundule pansi.
Anavundukabe.
Galasi lonse mbuu, ngati madzi otsukira mpunga,
miyala imene ndinasanja tsiku lathunthu osaonekanso.
Ndinayatsa pampu. Inatsokomola, inatsokomolanso,
kenaka n'kuyamba kung'ung'udza ngati injini yoima pachipata.

Pofika Lachitatu madzi anayera.

Ana a kuseri anadzaza pakhomo, mapazi fumbi lokhalokha.
"Nsomba zili kuti, a Kadzamira?"
Ndinati madzi sanapse, adikire masabata asanu ndi limodzi.
Anayang'anana.
Pofika Loweruka, kumsika mpaka kwa ometa tsitsi,
zinali zitamveka kuti a Kadzamira akuweta madzi.
Wina anafunsa ngati ayamba kuswa.

Sindinakwiye. Pamzere paja ndinaphunzira
kukhala pambali pa katundu wosayenda,
osamusiya yekha.

Usiku wa dzana magetsi anazima.
Pampu inaleka, nyumba inati zii,
ndinamva mtima wanga ukuyenda wokha mumdima.
Ndinakwawa, bondo likutukwana,
kukoka batire yakale pansi pa bedi,
waya wofiira uku, wakuda uku,
Zelifa atagwira tochi, osanena za feteleza.
Thovu loyamba litakwera, tonse tinapumira limodzi.

Ndipo m'kuwala komweko tinakaona:
kachilombo kochepa kuposa njere ya chitowe,
kakutuluka m'bowo la mwala, kakuthamanga pagalasi.
Sitinakagule. Kanabwera kobisala,
kopanda pasipoti, kuchokera kutali kuja.

Zelifa sanaionepo nyanja ya mchere.
Zaka zonsezo ankangomva pafoni
phokoso lake kumbuyo kwa mawu anga.
Anasuntha chivundikiro,
anaviika chala chimodzi, n'kuchiika palilime.
Anakhala nthawi, maso ali pamiyala.

"Ndiye ndi zimenezi unkandisiyira?"
Ndinafuna kuyankha, iye anandidula:
"Ndikuudziwa mchere uwu.
Unkakhala pakolala ya malaya ako ukabwera,
ndinkautaya ndi madzi ochapira, kuseri kwa bafa."

Nsomba zibwera mwezi wamawa, Fanuwelo akadutsa pa Dedza.
Ziwiri zokha, zazing'ono.
Zelifa wati imodzi aitcha yekha dzina.