Lamba Wachikasu

Lachiwiri lafikanso.
Chifunga chatsika ku Kaning'ina chakumasana,
chameza nsanja ya wotchi, chameza depoti,
ine ndikumanga belo la kaunjika
ndi zala zouma gwa ngati chinangwa chadzana.
Thupi likunong'ona: NyaLuhanga, kwera njinga,
ku Chibavi bulangete likukudikira,
ndani akakuimbe mlandu ukapanda kupita?

Zifukwa ndili nazo, zodzaza thumba.
Bondo lamanzere limalira pachitunda cha Katoto.
Malaya oyera aja, amene telala anandisokera pansalu ya bedi,
sanaume chichapireni Lamlungu,
dzuwa la mu Juni kuno ndi mlendo wamanyazi.
Ndiye lamba uyu, wachikasu ngati nthochi yakupsa,
zaka ziwiri tsopano ali m'chiuno mwanga.
Kamtsikana kaja, Dokiso,
kamene ndinakaphunzitsa ndine kumanga mfundo,
kavala wobiriwira, kamaima patsogolo panga.

Tsiku la mayeso ndinasokoneza kata pakatikati.
Anzanga onse kumanzere, ine kumanja,
ndinangopezeka maso ndi maso ndi khoma
pomwe ana a sukulu anapachika mapu ong'ambika.
Ndinawerenga Chitipa, Karonga, Rumphi,
miyendo itaiwala kwawo.
Masabata atatu sindinapondeko.
Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa tiyi:
mayi wa ana atatu,
kulipira ndalama kuti azimenya mphepo!

Sensei Chavula sanandiimbire foni.
Anangotulukira kumsika, nasankha juzi pamulu wanga,
nanenerera mtengo ngati sitidziwana,
ndipo polandira chenji anati:
"Pamalo pako paja simenti ikuzizira,
palibe akupondapo."
Basi. Anapinda juzi, napita.

Ndiye lero ndikuyenda wapansi,
ya njinga ikathandize kulipira mwezi uno.
Mvula yowaza ikundinyowetsa nsidze,
ogulitsa chimanga chootcha akupisa manja pambaula,
wina akundikuwira, "Wakarate uyo!"
Ndamukwezera dzanja, sindinaime.

M'kalasi la sitandade sikisi
madesiki tawakankhira kukhoma.
Magetsi athima, wina waimika foni pawindo kuti iwale.
Simenti imaluma mapazi poyamba.
Ichi, ni, sani, shi,
pofika makumi atatu mapazi amakhululuka.
Nkhonya ipite, ibwerere m'chiuno, ipitenso,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.
Ngongole ya belo, fizi ya Vinjeru, kuseka kwa mlamu,
zonse zatsala pakhomo, zandanda ndi nsapato,
zindidikire, ndizipeza potuluka.
Ndikakuwa muno
si mawu aja oitanira makasitomala,
awa amachokera pansi pa mchombo,
m'chipinda chimene ndinakhala nacho zaka makumi atatu
osadziwa kuti chili ndi chitseko.

Mwina sindidzamenya munthu moyo wanga wonse.
Koma dzana belo lathunthu ndinalikweza ndekha pamutu
anyamata onyamula katundu ali kukamwa yasa.
Ndipo mdima ukandipeza panjira ya kumadambo
ndimayenda khosi lili njo,
makutu ali tcheru, mtima uli m'malo.

Tafika pomwe paja.
Phazi lamanja likufuna kundinamizanso,
mapu ali pomwepo, akundiitana,
ndapuma kamodzi,
ndatembenukira kumanzere.

Palibe waomba m'manja.
Sensei ali uko, akuwongola chigongono cha wina.
Dokiso yekha wandisuzumira kunsi kwa mkono wake
n'kundionetsa mpata wa mano ake awiri.

Panja chifunga chakhuthala, nsapato zanyowa.
Bondo layamba nyimbo yake.
Lamba ndamupinda, akadali wachikasu,
thukuta lamudetsa pang'ono pamfundo.
Lachinayi malaya adzakhala asanaumebe.
Ndidzawavala choncho.